Mpweya Wolemera wa M'bwato la Chimanga

Ana anga, Marita ndi Yohane, ndalemba izi manja anga akadali ndi mphamvu yogwira cholembera. Za ubwana wanga palibe chokamba, ndinakula monga anzanga onse a m'mbali mwa Shire. Ndiyambira pa ntchito, chifukwa nkhani imene mwakhala mukuimva mwapatalipatali pamaliro, yakuti ndinamanga atsibweni anu a Filipo ndi chingwe pamene mkulu wawo ankafa, inachokera pa ntchito. Nkhaniyo ndi yoona. Ndinawamangadi. Koma kuti muimve bwino, ndiyambe ndakuuzani zimene ndinaphunzira za mpweya.

Chiromo, chaka chimene njanji inafika ku Blantyre

Ndinalembedwa ntchito pa sitima ya pamadzi yoyenda pakati pa Chinde, doko la ku nyanja yamchere, ndi kwathu kuno. Madzi akachuluka tinkafika ku Chiromo, akachepa tinkathera ku Nsanje. M'mbali mwake sitimayo inkakoka mabwato achitsulo onyamula katundu, otseka pamwamba, okhala ndi khomo laling'ono kumbuyo ndi lina kutsogolo. Ndinayamba ndi kusenza nkhuni, kenaka anandiika pa ng'anjo ya boyila. Boyila ndi chimphika chachitsulo chotseka ponseponse, mmene madzi amawira n'kusanduka nthunzi, nthunziyo n'kumakankha gudumu lalikulu la kumbuyo kwa sitima. Mkulu wa ng'anjo anali a Zuze, Msena wa ku Chinde, amene tsaya lawo limodzi linapsa kale ndi nthunzi. Sankadziwa kuwerenga, ndipo atamva kuti ine ndinapitako ku sukulu ya mishoni anayamba kunditchula kuti "wa pepala".

Tsiku lina tikupuma anatola botolo lopanda kanthu nandifunsa, "Iwe wa pepala, muno muli chiyani?"

"Mulibe kanthu, bambo."

Analizondotsa nalimiza m'chidebe cha madzi, kukamwa kuli pansi. Madzi sanalowe. "Nanga madziwa akuopa yani, ngati mulibe kanthu? Muli mwini wake. Sumuona, koma wakhala pampando." Atalipendeketsa pang'ono, thovu linatuluka, madzi n'kulowa. "Waona? Mwini nyumba akatuluka, mlendo amalowa."

Ulendo wina anathira madzi pang'ono m'chitini cha palafini, nawawiritsa mpaka nthunzi inatuluka kwambiri, natseka pakamwa pake ndi chitsekero cha mtengo, n'kuchithira madzi ozizira a mumtsinje. Chitinicho chinakhwinyata pamaso panga ngati chapondedwa ndi mvuu. Anandiuza kuti nthunzi ikatentha imafuna malo aakulu, ikazizira imabwerera kukhala madzi n'kusiya malo, ndipo mpweya wa kunja, umene timayendamo tsiku ndi tsiku osaumva kulemera, ndiwo wakankha chitsulocho. Ndinamvetsa pamenepo chifukwa chake maso awo sankachoka pa muvi wosonyeza mphamvu ya nthunzi. Pamwamba pa boyila panali potulukira nthunzi ikachuluka, ndipo m'sitima zina anthu ankakolowekapo chitsulo cholemera kuti pasatseguke, sitima ithamange. A Zuze ankangoloza tsaya lawo n'kukana m'Chisena kuti, "Nkhabe. Chitsulo chimenecho ine ndinachilipira kale."

Koma lamulo lawo lalikulu linali la nyali. Munthu asanalowe m'boyila kukapala dzimbiri, kapena m'malo alionse achitsulo amene akhala otseka, nyali yoyaka inkayamba kutsika pa chingwe. Ankati mpweya si umodzi. Ulipo wopepuka, wothawira kumwamba ngati utsi. Ulipo woyaka, uja umatuluka ngati thovu ukavundula matope a m'dambo ndi mponda, mtengo uja wokankhira bwato. Ndipo ulipo wolemera, umene umabadwa pamene zinthu zikuwola kapena kusasa, n'kukhala pansi monga madzi akhalira m'chitsime. Suoneka. Nyali ikalowamo imazima, munthu akalowamo amagwa. Anandisimbira za anthu atatu a bere limodzi amene anafera m'bwato limodzi ku Chinde: woyamba anagwa, wachiwiri anatsikira woyambayo, wachitatu anatsikira awiriwo. "Mpweya umenewo susaka munthu," anatero. "Umangokhala phee. Abale ndiwo amaubweretsera anthu."

Makhanga, zaka za mtendere

Ndinakwatira amayi anu ku Makhanga, ndipo ndinamanga nyumba pamudzi pawo monga mkamwini. Anali ndi alongo awiri, onse asodzi. Wamkulu anali a Tomasi, mwini mbumba, munthu wa nthabwala amene inu simunamudziwe. Marita unali pamsana pamene anamwalira. Wamng'ono anali a Filipo, osalankhulalankhula, otsata mkulu wawo kulikonse. Onse awiri ankadziwa kumira. Ukonde ukakodwa pa chitsa pansi pa madzi, a Tomasi ankatsika n'kukhalako mpaka anthu a m'bwato kuyamba kuyang'anizana, kenaka n'kuvuuka akuseka. Ine ankanditchula "mlamu wathu wophika madzi". Ndikafika kuchokera ku Chinde ankafunsa, "Alamu, madzi aja apsa tsopano? Zaka zonsezi mukusonkhezera, ndiwo zake sitinazilawe." Ndinkawakonda. Sanandichititsepo manyazi pa mudzi wawo. Koma ndinkadziwa malo anga. Mkamwini salamula mwini mbumba, ndipo samugwira pa mkono.

Zaka za nkhondo ya Majeremani

Nkhondo itayamba, zinthu zinasowa. Mafuta opaka makina anatha, tinkagwiritsa ntchito a nsatsi. Matumba anali obooka, nsalu zokhuthala zofunditsira katundu zinali zigamba zokhazokha. Palafini ndiye anali wosaonekera, ankasungidwa m'chipinda cha mzungu woyendetsa sitima, ndipo kuyatsa nyali masana kunali kulakwa. A Zuze anali atabwerera kwawo chifuwa chitawakula, ndipo ine ndinali nditakhala mkulu wa ng'anjo. Nyali yawo anandisiyira. Ndinkasungamo palafini pang'ono mobisa, koma ndivomere kuti lamulo lija linayamba kufooka. Anthu atsopano ankalowa m'mabwato popanda nyali, n'kutuluka bwinobwino, ndipo ine sindinkalankhula nthawi zonse.

Mzungu wathu tinkamutchula Bwana Changu, chifukwa mawu amene ankawadziwa bwino m'chinenero chathu anali amenewo. Sanali munthu woipa. Malungo anali atamudya, ndipo akuluakulu ake ankamukalipira pa waya kuti chimanga cha asilikali chikuchedwa.

Nthawi imeneyo amuna ankagwidwa m'midzi kukakhala amtengatenga, kusenza katundu wa nkhondo kumpoto, ndipo ambiri sankabwerako. Ogwira ntchito pa sitima okha ndiwo ankasiyidwa. Amayi anu anandiuza, "Bambo a Marita, alongo angawa akawatenga, mudzi uno watha. Simungawapezere malo kwanuko?" Ndinakalankhula ndi Bwana Changu, ndipo onse awiri analembedwa ntchito yokweza ndi kutsitsa katundu. Amayi anu anayamika Mulungu m'tchalitchi Lamulungu lotsatira. Ndinali nditawapulumutsa, tinkatero tonse.

Ulendo umene ndikunenawu tinakweza chimanga kumunsi mvula ikugwa. Matumba analowa m'bwato akudontha, makomo onse awiri natsekedwa, la kutsogolo mpaka kulimanga ndi mabawuti. Titafika kufupi ndi madambo a kwa Nyachikadza, chitsulo china cha gudumu chinathyoka, ndipo tinaima pamenepo kupitirira sabata tikudikira china. Mvula inaleka, dzuwa linabwera lija mumalidziwa la kwathu kuno. Pamwamba pa bwato sipankapondeka ndi phazi. M'kati chimanga chonyowa chinkatentha n'kumasasa, ife osaganizako.

M'mawa wina bwatolo linaoneka lopendekera kutsogolo, ndipo Bwana Changu analamula kuti wina alowe akaone ngati labooka. Ine ndinali pansi pa makina. Ndinamva anthu akuseka, n'kukwera kukaona. Khomo la kumbuyo linali lotsegula, fungo la mowa wosasa lili ponseponse, ndipo a Tomasi anali atakhala m'mphepete mwa khomolo, miyendo ili kale m'kati.

"Alamu, bwerani mudzanunkhize," anatero. "Inu mwalephera kuphika madzi, koma bwato laphika mowa lokha. Lero tilawa."

"Alamu, tadikirani pang'ono, ndikatenge nyali."

"Nyali dzuwa lili pamutu? Bwana Changu akumva, mudzamwa palafiniyo."

"Si younikira. Ndikufuna ndione mpweya wa m'menemo."

"Muuone?" Anatembenukira anzawo. "Mlamu wanga amaona mpweya." Anthu anaseka. "Alamu, ine ndimamira pansi pa Shire ng'ona zikundiyang'ana. Ndiope fungo la masese? Mukakhala moipa ndidzagwira mpweya wanga n'kubwerera, monga ndimachitira m'madzi."

Ndinafuna kuwauza kuti madzi amakuchenjeza, umawaona, umawamva pankhope, n'kutseka kukamwa. Mpweya uwu umaupuma monga mpweya wina uliwonse, ndipo ukamazindikira miyendo yafooka kale. Koma anthu anali kuseka, iwo anali mwini mbumba, ine mkamwini. Ndinangoti, "Ndapota nanu, musatsike, ndikubwera," n'kuthamangira ku ng'anjo kumene ndinkabisa nyali. Ndinali pafupi nawo moti ndikanatha kuwagwira phewa. Sindinawagwire.

Pobwerera ndinapeza kuseka kwatha. A Tomasi anali atatsika n'kukwawa pamwamba pa matumba kulowera kutsogolo, kumene maso athu sankafika. A Filipo anali atagwada pa khomo akuitana, "Achimwene? Achimwene, mwapeza chiyani?" M'kati munamveka liwu, kamodzi, losamveka bwino. Kenaka munamveka ngati munthu akuliza mkonono.

Ndinayatsa nyali n'kuitsitsa. Lawi linayamba kuchepa itangodutsa pakhomo, linafiira, ndipo isanafike pa matumba inazima ngati wina waipemerera. Nditakweza maso ndinaona a Filipo akuvula malaya.

"Alamu, musalowe."

"Chokani."

"Mukalowa tinyamula awiri."

"Mukumumva akupuma. Ndikoka mwendo basi, ndituluka. Chokani, alamu."

Anaika phazi pakhomo. Ndinawagwira m'chiuno, tonse n'kugwera pa chitsulo chotentha chija. Anali amphamvu kuposa ine, anandimenya chigongono pakamwa, dzino limene mumaliona losowali linapita tsiku limenelo. Ndinaitana anzanga awiri a ku ng'anjo, amene ankamvera ine, ndipo tinawakokera pa nsanamira yachitsulo yomangirapo bwato. Ndinatenga chingwe n'kuwamanga manja kumbuyo. Mfundo zake ndinamanga ndine. Sanatukwane. Anangoti, "Mkamwini, ukundimanga ngati mbuzi mbale wanga akufa? Pa mudzi pathu unabwera ndi mphasa yokha." Kenaka anayambanso kuitana mkulu wawo, ndipo sanaleke.

Bwana Changu anafika, nayang'ana nyali yozimayo, nkhope yake n'kusintha. Iye ankadziwa tanthauzo lake. Anandipatsa sipanala, ndipo tinathamangira ku khomo la kutsogolo. Mabawuti anali atachita dzimbiri, awiri tinachita kuwadula ndi tchizulo. Titatsegula, anthu ankayembekeza kuti mpweya woipawo utuluka wokha ngati utsi. Koma wolemera sukwera. Ndinaimika nsalu yofunditsira katundu pa khomo limodzi kuti ikole mphepo n'kuitsitsira m'kati, ndipo pa khomo linalo ndinauza anthu kuti azitsitsa zidebe zopanda kanthu pa zingwe, kuzikweza mosapendeketsa, n'kumakhuthulira mumtsinje. Ankandiyang'ana ngati ndapenga, kutunga chinthu chosaoneka, koma anatunga. Ine ndinkapemphera chamumtima mawu amodzimodzi, kuti Ambuye asunge mpweya wa munthu ameneyu kanthawi pang'ono. Ndinatsitsa nyali, inazima. Tinatunganso. Ndinatsitsa, inazima. Mkonono uja unali utaleka, sindikudziwa nthawi yanji. Kachitatu nyali inafika pa matumba ikuyaka, mofooka koma ikuyaka.

Ndinadzimanga chingwe m'chiuno n'kutsika, nyali ili patsogolo. Ndinawapeza a Tomasi atagona chafufumimba, mutu utaloza ku khomo la kumbuyo. Anali atatembenuka, ankabwerera. Kuchokera pamene anagona kufika pa khomo panali mikono inayi kapena isanu. Tinawatulutsa, Bwana Changu anawakankha pachifuwa nthawi yaitali, koma anali atapita.

Ndinakamasula a Filipo. Zingwe zinali zitawatema m'manja. Anayang'ana mkulu wawo, nayang'ana m'khomo muja, nandifunsa, "Anali pati?" Ndinaloza. Anati, "Pafupi chonchi." Bwatolo silinali lobooka. Matumba ndiwo anali atatsetserekera kutsogolo.

Nkhondo itatha

Pa maliro a Tomasi ku Makhanga, nkhondo isanathe, palibe amene anandithamangitsa. Akuluakulu a mpingo anamva nkhani yonse nati ndinachita zimene ndinkadziwa. Ena pamudzi ankati ndinatengera alamu anga ku sitima dala, ena ankati mzungu anandiuza kuti ndisunge wantchito mmodzi. Sindiwaweruza. Munthu amene sanaone nyali ikuzima m'malo owoneka opanda kanthu sangakhulupirire. Ankadziwa kuti a Filipo ankatha kumira nthawi yaitali, ndipo ankadziwa kuti inali mikono inayi. Inenso ndimadziwa zimenezo. Mwina akanagwira mpweya wawo, kukwawa, kukoka mwendo, n'kutuluka. Mwina akanakoka kamodzi, kulemera kwa thupi n'kuwachititsa kupuma, n'kugona pambali pa mkulu wawo. Ndalingalira zimenezi zaka zambiri pa ng'anjo ndi pa mapemphero, ndipo sindinapeze yankho. Chimene ndinapeza ndi chakuti kulakwa kwanga sikunali chingwe. Kunali kuja koyamba, pamene ulemu unandiletsa kugwira a Tomasi phewa.

A Filipo anasiya ntchito ya sitima, nakhala mwini mbumba. Anakulerani monga atsibweni abwino, ndipo nonse mukudziwa kuti ukwati wa Marita anauyendetsa iwo. Koma ine sanadyenso nane mbale imodzi. Akafuna kundiuza kanthu ankauza amayi anu, ine ndili pomwepo: "Muwauze alamu kuti mbuzi zawo zikulowa m'dimba."

Amayi anu sanandinenepo. Anandifunsa funso limodzi lokha, patapita miyezi, tikupalira mapira.

"Bambo a Marita, achimwene anaitana?"

Ndikanatha kunena kuti ayi. Ndinati, "Anaitana kamodzi."

"Anatchula yani?"

"Sizinamveke."

Anapitiriza kupalira. Tinakhala limodzi zaka zina zambiri, mwamtendere, Yohane n'kubadwa. Ankandiphikira, ankandichapira, tinkaimba limodzi m'tchalitchi. Koma sananenepo kuti ndinachita bwino, ndipo ine sindinawapemphe. Pamene anadwala matenda awo omaliza ndinaganiza kuti alankhulapo. Analankhula za inu, za mbewu, za nsalu imene ankafuna kuikidwa nayo. Za bwato anapita nazo.

Ntchito ya sitima inachepa njanji itatalika, ndipo ndinakamalizira pa boyila ya makina ochotsa njere za thonje. Kumeneko palibe munthu analowa malo otseka popanda nyali, palafini akhalepo asakhalepo. Ndinagwirapo anthu angapo pa mkono, ena aakulu kuposa ine, ndipo sindinapepese.

Chaka chachiwiri amayi anu atamwalira

Ndinatsala pa mudzi wa eni, mkazi wanga atapita. Ndinkayembekeza kuti tsiku lina andiuza kuti ndibwerere kwathu, koma palibe ananena. Chilimwe cha chaka chimenecho chitsime chakale cha kuseri kwa tchalitchi chinauma, ndipo anthu anagwirizana zochikumba mozamitsa. Chinali chitakhala chovundikira nthawi yaitali, masamba ndi zinyalala zikuwolera pansi. Woti atsike anali mwana wamkulu wa a Filipo, amene anamutcha dzina la malemu Tomasi, nthawiyo ali kale bambo wa ana awiri.

Ndinali pakhonde ndikuluka mono pamene ndinaona a Filipo akubwera. Panalibenso munthu woti amutume kwa ine. Anaima patali pang'ono, nayang'ana denga la nyumba yanga ngati akuona pamene pakudontha.

"Alamu," anatero, "nyali ija ikadalipo?"

"Ilipo."

"Palafini alimo?"

"Alimo."

"Tiyeni nayoni."

Tinayenda, iwo patsogolo ine pambuyo. Pa chitsime anyamata anali atamanga kale chingwe m'chiuno mwa Tomasi, ndipo wina anaseka poona nyali masana. A Filipo anamuyang'ana, kusekako n'kutha. Anagwira mwana wawo pa mkono namukokera pambuyo, ndipo sanamusiye mpaka ine nditatsitsa nyali. Inatsika, natsika, n'kukafika pansi ikuyaka bwinobwino. Mpweya unali wabwino. Tomasi anatsika, nakumba, natuluka, ndipo madzulo madzi anayamba kubwera.

A Filipo anapukuta galasi la nyali ndi nsalu yawo n'kundibwezera m'manja. Ndinaona zipsera za chingwe zija, zinali zisanathe. Sanandikhululukire ndi pakamwa, tsiku limenelo kapena lina lililonse, ndipo anamwalira osadya nane.

Nyaliyo ili m'bokosi langa, pansi pa Baibulo la amayi anu. Galasi lake ndi losweka pang'ono m'mphepete koma imayaka. Ndikadzapita musadzaiike m'manda. Mudzaipereke kwa Tomasi.